Mawu a Ankhazi mu Foni ya Amama

Chaka changa chomaliza pa yunivesite ndinkakhala ku Lupaso mu Mzuzu, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mayi wina wamasiye amene tonse tinkangowatchula kuti amama. Kwathu ndi ku Dedza. Bambo anga ankagwira ntchito m'boma, anawatumiza ku Mzuzu ine ndili ku sekondale, ndipo atawasamutsiranso ku Lilongwe ndinatsala ndekha kuti ndimalize sukulu. Nthawi imeneyo malo ogona a pasukulu anali atachepa kale. Ophunzira tinkachuluka chaka ndi chaka, choncho aliyense amene anali ndi kamalo kufupi ndi yunivesite ankaumba njerwa n'kumanga tizipinda. Amama anamanga titatu pamene kale ankalimapo mbatata.

Ndinkaphunzira za makompyuta, ndipo aliyense wa chaka chomaliza ankayenera kupanga pulojekiti yake n'kukaifotokoza pamaso pa aphunzitsi. Anzanga anali atasankha kale mitu, ine ndinalibe. Sabata iliyonse ndinkadutsa pa ofesi ya madamu amene ankayang'anira ntchito yanga ndikuyang'ana kumbali, kuopa kuti angandiitane.

Mutu ndinaupeza pakhonde pa amama. Mwana wawo wamkazi anali ku Joni, ndipo anawatumizira foni yogwira pagalasi. Ankawatumiziranso zithunzi za adzukulu, atsikana awiri obadwa motsatizana amene amama anali asanawaonepo ndi maso. Tsiku lina ndikuchokera kusukulu anandiimitsa.

"Mwana wane, tabwerani kuno. Uyu ndi wamkulu kapena wamng'ono?"

Ndinayang'ana, koma sindikanadziwa. Anawo ankafanana kwambiri, ndipo zithunzi zinali zosakanikirana: za kutchalitchi, za pamaliro, za nsalu zimene amama ankasoka, za adzukulu ali makanda ndi zina atakula. Amama ankangotsetsereza chala m'mwamba ndi pansi.

"Zachuluka chomene," anatero. "Kale chithunzi umachitembenuza n'kulemba kuseri. Izi zilibe kuseri."

Mawa lake ndinakagogoda pa ofesi ya madamu. Ndinawauza kuti ndikufuna kupanga pulogalamu ya pa foni yothandiza munthu kulemba za chithunzi chake: amene ali pamenepo, malo ake, ndi nthawi yake. M'kalasi zoterezi tinkazitchula ndi mawu a Chingerezi akuti metadeta. Madamu anali munthu wosaseka wamba. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Pulogalamu aliyense angalembe. Ine ndidzayang'ana sikirini. Ndikufuna ndidzaone ngati mayi akowo angathe kuigwiritsa ntchito iwe utachokapo."

Ndinayamba ndi kujambula papepala. Ndinajambula foni, pamwamba chithunzi, pansi timabokosi tinayi: dzina, ubale, malo, tsiku. Ndinaikanso kakalendala kotsekuka munthu akagwira pa tsiku. Zinkaoneka zaudongo ngati fomu ya kuchipatala, ndipo ndinkanyada nazo. Zinanditengera masabata atatu kuti zigwire ntchito, kenako ndinaziika mu foni ya amama.

Anavala magalasi, n'kusankha chithunzi cha amuna awo ataima pafupi ndi galimoto ya kuntchito. Dzina analemba, ngakhale chala chawo chinkagunda zilembo ziwiri nthawi imodzi. Atafika pa tsiku anaima.

"Tsiku lanji? Ine masiku sindisunga yayi. Ichi ndi chaka chimene tinachoka ku Mchengautuwa, nyumba ija itagwa khoma ndi mvula."

"Ingoikani chaka chilichonse choyandikira, amama."

"Ndiname?"

Anasiya bokosilo lopanda kanthu n'kugwira batani losungira. Foni inatulutsa zilembo zofiira, kukana kupitirira popanda tsiku. Amama anachotsa chala msangamsanga, n'kundipatsa foniyo ndi manja awiri. "Phepani, ndaononga," anatero. Ndinawauza kuti palibe chaonongeka, koma tsiku limenelo sanafunenso kuigwira.

Nditawafotokozera madamu, anati, "Ndiye wawachititsa manyazi mayi wamkulu pa foni yawo yomwe. Kayambirenso."

Ndinatuluka mu ofesimo. Inali miyezi iwiri yokha kuti tifike tsiku lofotokoza, ndipo anzanga ena anali atayamba kale kulemba malipoti. Ndinakwera sakaramento, njinga ya kabaza, kubwerera ku Lupaso, kamvula kowaza kakundimenya kumaso, ndikuwerenga masabata m'mutu. Ndinkaganiza za bambo anga amene ankauza kale anthu kuntchito kuti mwana wawo akumaliza chaka chino.

Ndinataya timabokosi tonse. Ndinaganiza kuti ngati amama amadziwa kufotokoza chithunzi ndi pakamwa, foniyo ingowamvetsera. Sikirini yatsopano inali ndi chithunzi chachikulu chodzaza galasi lonse. Munthu akagwira nkhope ya wina, pankabwera kamzere kozungulira nkhopeyo, ndipo pansi pankatuluka batani limodzi lalikulu lobiriwira lolembedwa kuti Nenani. Ukaligwira, umayankhula zonse zimene ukudziwa, ukalisiya zasungika. Wofuna kulemba dzina ankatha kulemba, wosafuna ankangosiya. Pa nthawi ndinachotsa kalendala n'kuika malo oti munthu anene yekha, kaya ndi chaka, kaya ndi "tisanasamuke", kaya ndi "bambo akadali moyo".

Panali batani lina laling'ono lolembedwa kuti Chotsa, lofufutira mawu ngati munthu walakwitsa. Amama ankaliopa. Ankaganiza kuti lichotsa chithunzi chenichenicho, ndipo chala chawo chinkalizungulira patali. Ndinalisintha kuti likhale Nenaninso, ndipo mantha anatha. Zinthu zing'onozing'ono ngati zimenezi ndinkazilemba m'kope langa, chifukwa ndizo madamu ankafuna.

Amama atazolowera, anatulutsa chitini cha mabisiketi chimene munali zithunzi zakale za papepala. Zina zinali zitayamba kufiira, zina zitadyeka m'mbali. Tinazijambula ndi foni chimodzichimodzi, titaziyala pa tebulo la makina osokera pafupi ndi zenera. Zambiri zinali za kwa amuna awo, ndipo amama sankawadziwa anthu onse. Anakwatiwa m'banjamo ena mwa iwo atamwalira kale.

"Odziwa ndi ankhazi," anatero. Ankanena mlongo wamkulu wa amuna awo, amene ana a pakhomopo ankawatchula choncho, ndiye nanenso ndinatengera. Ankhazi ankakhala kumudzi cha ku Rumphi, ndipo ankabwera ku Mzuzu mwa apo ndi apo kudzaonedwa matenda a shuga.

Anabwera kumayambiriro kwa nyengo yozizira. Anali mayi wamtali, wowonda, wa mawu aakulu ngati a mwamuna, ndipo sankachedwa kupsa mtima. Nditawapatsa moni wa Chitumbuka anandiyang'ana n'kuseka katchulidwe kanga. Foni anakana kuigwira. Anati amama aigwire, iwo azingoyankhula.

Tinakhala masana awiri pabalaza, ankhazi atafunda bulangete m'miyendo. Amama ankagwira nkhope, n'kugwira batani lobiriwira, ankhazi n'kuyamba. Sankangotchula dzina. Ankanena kuti uyu anabadwira kuti, anakwatira kwa yani, anakangana ndi yani chifukwa cha ng'ombe, anaikidwa kuti. Ankayamba m'Chichewa kuti ine ndimve, koma nkhani ikakoma ankalowa m'Chitumbuka osabwereranso. Pa chithunzi china panali amuna atatu ataima kutsogolo kwa mitengo yobzalidwa m'mizere. Ankhazi anati wapakatiyo ndi bambo awo, pa nthawi imene ankagwira ntchito pa esiteti, Mzuzu asanakhale tauni. Anatchula enawo awiri ndi midzi yawo, n'kunena kuti pamalo pamene anaimapo tsopano pali nyumba zokhazokha. Pena ankakalipira amama kuti agwira nkhope yolakwika. Pena ankaimba kanyimbo kamene munthu wa pachithunziyo ankakonda, kenako n'kudzidula okha.

Atamaliza, amama anawatsegulira mawu awo kuti adzimve. Ankhazi anamvetsera atakweza nsidze. "Ndimayankhula ngati ndikukalipa," anatero. Amama anati, "Mumakalipa nadi." Anaseka onse awiri. Mawa lake ankhazi anabwerera kumudzi.

Masabata otsatira amama ankamvetsera mawu aja akusoka. Ndikadutsa pazenera ndinkamva ankhazi akufotokoza, makina akulira, amama akuyankha ngati munthuyo ali pomwepo. Ine ndinakopera mawu a zithunzi zisanu mu laputopu yanga kuti ndikawaonetse madamu. Anamvetsera, anagwedeza mutu, n'kunena kuti batani lobiriwira ndilitsitse pang'ono kuti chala chachikulu chizilifika munthu atagwira foni ndi dzanja limodzi. Anafunanso kuti ndiike njira yofufuzira, kuti ukagwira nkhope ya munthu ziziwonekera zithunzi zake zonse.

Ndinakonza zimenezo, ndipo Loweruka lina m'mawa ndinapempha foni ya amama kuti ndiikemo pulogalamu yokonzedwayo. Iwo ankachapa panja. Ndinalowa nayo m'chipinda changa, n'kuilumikiza ku laputopu. Foni inakana kulandira yatsopanoyo yakale ikadalimo. Zimenezi zinkachitika kawirikawiri pa foni yanga yoyeserera, ndipo ndinkangochotsa yakale n'kuika yatsopano. Ndinachita chimodzimodzi. Panabwera kabokosi ka zilembo zing'onozing'ono za Chingerezi kofunsa ngati ndikutsimikiza. Sindinawerenge. Ndinagwira povomera.

Yatsopano italowa, ndinaitsegula. Zithunzi zonse zinalipo, chifukwa zinali pa memore khadi. Ndinagwira chithunzi cha amuna atatu aja. Panalibe kamzere kozungulira nkhope iliyonse. Ndinatsegula china, chimodzimodzi. Ndipamene ndinakumbukira kuti mawu onse ndinkawasungitsa m'kati mwa pulogalamu momwemo, osati pa khadi. Pochotsa yakale ija ndinachotsa zonse.

Ndinakhala pabedi. Panja ndinkamva amama akukhuthula madzi, akuyankhulana ndi mayi wa nyumba yoyandikana nayo za sopo. Ndinafufuza mu foni monse, foda ndi foda. Ndinafufuza mu laputopu ngakhale ndinkadziwa kuti muli zisanu zokha. Ndinayesa kapulogalamu kobwezeretsa mafayilo otayika, kanapeza nyimbo zakale za kwaya ndi zithunzi za nsalu, koma mawu a ankhazi ayi.

Amama anagogoda. "Mwamaliza? Mwana wanga aimba masana."

Ndinabisa kachizindikiro ka pulogalamuyo kuti kasaoneke pa sikirini yoyamba, n'kutsegula chitseko. "Foni nayi, amama. Koma chija cha zithunzi ndachichotsa kaye, chikufunika kukonza pang'ono. Ndibwezera sabata ya mawa."

"Yewo," anatero, n'kupukuta manja pa chitenje asanailandire. Sanafunse china.

Masiku atatu otsatira ndimawakumbukira bwino kuposa tsiku limene ndinalandira digiri. Ndinkadzuka m'mamawa kuti ndituluke amama asanayambe kusesa, koma ankandipeza ndithu. "Mwawuka uli, mwana wane?" Ndinkayankha ndikuyang'ana nsapato. Chakudya sichinkalowa. M'kalasi ndinkangoona milomo ya aphunzitsi ikuyenda. Ndinapita kwa munthu wina wokonza mafoni mumsika waukulu, ndinamufotokozera osatchula mwini foni, iye anapukusa mutu n'kunena kuti zochotsedwa mwanjira imeneyo pa mafoni amenewa sizibwerera.

Ndiye ndinapangana ndi mtima wanga. Ndinati Loweruka lotsatira ndikwera minibasi kupita kwa ankhazi, ndikawauze kuti kusukulu akufuna mawu omveka bwino, ajambulenso. Akakalipa, koma akayankhula. Ndikabwerako ndidzaika mawu atsopanowo mu foni ya amama, ndipo ndikadzawauza zoona zinthu zidzakhala zitakonzeka kale. Ndinafunsa ngakhale njira kwa mnzanga wina wa ku Rumphi. Maganizo amenewa ankandipatsa mpweya pang'ono, ngakhale ndinkadziwa kuti amama adzazindikira, poti mawu akalewo anali atawamva kambirimbiri.

Lachiwiri masana ndikubwera kusukulu ndinapeza amayi atatu a kutchalitchi atakhala pakhonde, mmodzi wochokera ku Mzilawaingwe amene sankabwera popanda chifukwa. Amama anali m'nyumba akulongedza chikwama. Mayi wa ku Mzilawaingwe uja ndi amene anandiuza: ankhazi anagwa m'mawa akuchokera kumunda. Anali moyo, koma mbali ya kumanja inali itafa, ndipo sankatha kuyankhula.

Ndinaima pakhomo chikwama cha laputopu chikadali kumsana. Amama anandiona n'kundikodola kuti ndilowe. Maso awo anali ofiira koma sankalira.

"Mwamva. Ndikunyamuka pano. Mundibwezeretu chija mu foni, ngakhale chisanathe kukonzeka. Ana awo akamve mayi awo akuyankhula. Mwina nawonso akadzimva okha lilime lingamasuke."

Anandipatsa foni. Ndinailandira, koma sindinaitsegule. Ndinagwada pafupi ndi tebulo la makina.

"Amama, mawu aja kulibe."

"Kulibe bwanji?"

"Ndinawafufuta. Sindinachite dala. Pamene ndinkaika chatsopano ndinachotsa chakale, ndipo mawu anapita nacho. Atsala a zithunzi zisanu zokha amene ndinakopera."

Anakhala pampando. Anayang'ana chitini cha zithunzi chimene chinali pa shelefu, kenako anayang'ana ine.

"Sangabwerere?"

"Ndayesa paliponse. Sangabwerere."

"Mwadziwa liti?"

"Loweruka."

Panja amayi aja anali atasiya kuyankhula.

"Loweruka," anabwereza. "Ndiye masiku onsewa mumandipatsa moni, ine n'kumayankha. Mukanandiuza Loweruka lomwelo ndikanawaimbira, akanayankhula pa foni. Lamulungu ndinayankhula nawo, anali bwinobwino."

Zimenezo sindinaziganizepo. Masiku atatu onse ndinkangoganiza za mmene ndingakonzere zinthu iwo osadziwa, osaona kuti njira yapafupi inali m'manja mwawo. Amama anaimirira n'kutseka chikwama.

"Ikanimo zisanuzo. Galimoto siindidikira."

Ndinaziika, iwo ataima pambali panga. Atatenga foni anatenganso chitini chija n'kuchikulunga m'chitenje. Anatuluka osanditsanzika.

Anakhala kumudzi masiku khumi. Pakhomo panali zii, makina osokera ataphimbidwa ndi nsalu. Ndinkaganiza kuti akabwera andiuza kuti ndisamuke, ndipo ndinayamba kuyang'ana tizipinda tina m'njira ya kusukulu. Kawiri ndinalemba uthenga wofunsa za odwala, kawiri konse ndinaufufuta ndisanatumize. Kachitatu ndinatumiza. Yankho linabwera mawa lake, mawu awiri: "Ali chimodzimodzi."

Kwa madamu ndinapita nditatsala ndi masabata awiri. Ndinkafuna kuwauza kuti ndisintha mutu kapena ndibwereza chaka, chifukwa sindinkafunanso kuiona pulogalamuyo. Ndinawafotokozera zonse, ngakhale za bodza lija. Anachotsa magalasi n'kuwaika patebulo.

"Za bodzazo ukakambirane ndi mayiwo, si za mu ofesi muno," anatero. "Koma ndikufunse. Unadziwa kuti mawu ukuwasunga malo amodzi okha?"

"Ndinkadziwa, madamu. Ndinkati ndidzakonza pambuyo."

"Nanga mayiwo ankadziwa? Pa sikirini pako panali chilichonse chowauza kuti zimene akunenazo zili pati, ndiponso kuti zingatayike?"

"Panalibe."

"Ndiye ntchito yako sinathe. Sukusintha mutu. Izi uzilembe mu lipoti momwe zinachitikira, ndipo ukazinene pamaso pa aphunzitsi."

Masabata awiri amenewo ndinagwira ntchito ngati wothamangitsidwa. Ndinasintha kuti mawu alionse azisungidwa pa khadi, pafupi ndi chithunzi chake, kuti ngakhale pulogalamu itachotsedwa azitsala. Ndinaika kachizindikiro pa ngodya ya chithunzi: kofiirira ngati mawu ali pamalo amodzi okha, kobiriwira ngati atumizidwanso kwa munthu wina. Ndinaika batani lotumizira chithunzi pamodzi ndi mawu ake kwa wachibale. Chilichonse chofufuta ndinachipatsa funso la zilembo zikuluzikulu m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, lonena chimene chitayike, ndiponso ndinachititsa kuti chofufutidwa chizidikira mwezi wathunthu chisanapitiretu. Zonsezi zinali zosavuta. Ndikanatha kuzichita kalekale masana amodzi, ndipo zimenezo ndi zimene zinkandipweteka ndikamalemba.

Tsiku lofotokoza kunali nkhungu mpaka cha m'ma teni koloko. Tinadikira pakhonde la chipinda chophunziriramo chatsopano chimene chinkanunkhabe penti, aliyense atakumbatira laputopu yake. Nditalowa ndinapeza aphunzitsi anayi, madamu ali kumapeto. Ndinaonetsa sikirini yoyamba ija ya timabokosi, ndinafotokoza za zilembo zofiira, za batani la Nenani. Nditafika pa za Loweruka lija ndinanena zonse kupatula za bodza. Mphunzitsi wina wachikulire anafunsa ngati mayi wofotokozayo angajambulidwenso. Ndinati ayi, sakuyankhulanso. Anayang'ana papepala pake. Ena anafunsa za kukula kwa mabatani ndi za mafoni otsika mphamvu. Ndinakhoza, ngakhale sindinamve kukoma kulikonse potuluka.

Amama anali atabwerako masiku angapo m'mbuyomo. Sanandithamangitse. Moni ankayankha, koma mwachidule, ndipo "mwana wane" uja anasowa. Ndikabwera kusukulu ndinkadutsa kuseri. Zinakhala choncho pafupifupi masabata atatu.

Tsiku lina Lachisanu masana anandiitana pabalaza. Patebulo panali chitini chija ndi kope la ana asukulu. Anandiuza kuti ndikhale.

"Kumudzi kuja sindinangokhala," anatero. "Ankhazi kuyankhula sakuyankhula, koma akumva, ndipo dzanja lamanzere likugwira. Ndimawaonetsa chithunzi, ine n'kumanena zimene ndikukumbuka kuti ananena. Ndikalondola amandifinya dzanja. Ndikalakwa amalikankha." Anamwetulira pang'ono. "Kukankhako ndiye amakankha ndi mphamvu."

Anatsegula kope. Anali atalemba ndi pensulo, chithunzi chilichonse tsamba lake, m'Chitumbuka. Zambiri anazikumbukira chifukwa chomvetsera akusoka. Zina anathandizidwa ndi mwana wamkulu wa ankhazi. Masamba ena anali ndi dzina lokha, nkhani yake palibe. Pa tsamba la amuna atatu a pa esiteti panali dzina la wapakati basi. Amama anati anayesa mayina onse amene ankawadziwa, ankhazi ankangokankha, mpaka anatopa n'kutembenukira kukhoma.

"Zisanu zija anamva?" ndinafunsa.

"Anamva. Ana awo analira. Iwo anangotseka maso." Anatseka kope. "Chija mwakonza?"

"Ndakonza, amama. Tsopano sizingatayike ngati kale."

"Musanene kuti sizingatayike. Nenani kuti mwayesetsa."

"Ndayesetsa."

"Ndiye tiyeni. Ndinena ndine."

Ndinatambasula dzanja kuti ndilandire foni, koma sanandipatse. Anaigwira okha, n'kusendeza mpando kuti ndiziona nawo. Ndinawauza pogwira, iwo n'kumagwira. Kuika pulogalamu yatsopano kunatitengera nthawi yaitali mwanjira imeneyo, ndipo pa kabokosi kalikonse kotuluka ankandiuza kuti ndiwawerengere mokweza ndi kumasulira asanavomere. Kenako anayamba kujambula mawu awo, akuwerenga m'kope, pena n'kuwonjezera zawo. Akamaliza chithunzi ankachitumiza kwa mwana wawo ku Joni, n'kudikira kuti kachizindikiro kasanduke kobiriwira asanapite pa china. Tinachita zimenezi Lachisanu lililonse mpaka zithunzi za m'chitini zinatha.

Pa tsiku lachiwiri la ntchito imeneyi ndinapeza mpata wopepesa bwinobwino, za kufufuta ndi za kubisa. Anandimvetsera akuyang'ana pa foni. "Kufufutako ndi ngozi," anatero. "Kubisako ndiye kunandipweteka. Basi, zatha." Sitinakambenso.

Ndinachoka ku Lupaso kumapeto kwa chaka chimenecho nditapeza ntchito ku Lilongwe, yokonza masikirini a mapulogalamu a pa foni. Ankhazi anakhala zaka zina ziwiri osayankhula, ndipo atamwalira amama anandiimbira okha kundiuza. Ndinapita kumaliro. Mwana wa amama anabwera kuchokera ku Joni ndi atsikana ake awiri aja, ndipo wamkuluyo ankadziwa mayina a anthu a m'zithunzi kuposa ana a kumudzi komweko. Amuna awiri a pa esiteti aja palibe amene anawazindikira, ngakhale chithunzicho chinayenda m'manja mwa okalamba onse amene anabwera.